Jazi la ku Joni

Pali nkhani zina zimene munthu amayenera kupita nazo kumanda. Iyi ndi imodzi mwa izo. Koma poti ku Mtakataka akuikamba kale, ndipo akuithira mchere wodutsa muyezo, kuli bwino ndiinene ndekha. Sekani ndithu, ine ndinatopa nako kudziteteza.

Matenda anga ndi jazi. Matipate atangolowa kumene, ndinali kalaliki pa kampani ina ku Blantyre. Lamulungu masana anzanga akamathamangira kumpira, ine ndinkatsetserekera m'kachipinda kapansi pa hotela ina, mmene madoda angapo ankaimba jazi. Munali mdima ngakhale masana, utsi wa fodya, ndi mipando yogwedera. Koma saxophone ikangolira mmenemo, ndinkaiwala kuti bwana wanga ndi munthu wamwano.

Ndipo tinalipo ambiri odwala. Panali mkulu wina wa kubanki amene dzina lake sindilidziwa mpaka lero, tinkangogwedezerana mitu ngati abuluzi. Panali mayi wina namwino amene ankabwera ndi yunifolomu, n'kuvula nsapato pansi pa tebulo. Panalinso mdala wina wa ku Zambia amene ankagwetsa misozi bass, chigitala chachikulu cha mawu okhuthala, ikatsala yokha. Sitinkafunsana kuti kwanu n'kuti kapena chipani chanu n'chiti. Woimba akamaliza solo yake, mbali yoimba yekhayekha, tinkaomba m'manja, wina n'kulowa, ife n'kutsinzinanso. Kumeneko ndiye kunali kwathu.

Kenako kampani ija inagulitsidwa. Eni ake atsopano anatiitana, anatiphunzitsa mawu akuti retrenchment, basi ntchito yatha. Ndinalongedza katundu ndi ana, ulendo wa ku Golomoti kwawo kwa akazi anga, NaBanda. Munthu wa tayi n'kusanduka mkamwini wopalira mpunga ku Bwanje, pa kamunda kobwereka kwa apongozi.

Makaseti anga a jazi sanachedwe kutha. Ena anapindika ndi kutentha kwa kuno, otsalawo inatafuna wailesi, imodziimodzi, ine ndikuona. Tsiku limene inatafuna yomaliza ndinakhala pakhonde mpaka kunja kunada. Njala ndinkaipirira, matope a m'munda ndinkawapirira, koma zoti sindidzamvanso lipenga lija, ndiponso kuti palibe ngakhale munthu mmodzi womuuza n'kundimvetsa, zinkandidya m'kati. Ndinali ndekhandekha pakati pa anthu ambirimbiri.

NaBanda sankathandiza.

"Mukulira nyimbo zanu zija zosadziwika koyambira ndi kothera?" ankatero uku akupeta mpunga. "Abambo a Tiya, padziko lonse lapansi ndinu nokha."

"Tilipo ambiri!"

"Ali kuti? Ndionetseni mmodzi yekha. Amisala sayenda awiriawiri."

Mawu amenewo anandilasa. Ndinalumbira kuti ndidzamupeza mnzanga mmodziyo, wa konkuno kunsi kwa mapiri, ndipo ndidzamuimika pamaso pa NaBanda.

Ndinayamba kufunsafunsa. Koma kuno ukati jazi, anthu amakutengera kwa anyamata a banjo ya chigubu cha mafuta ndi ng'oma ya chikopa cha mbuzi. Kawiri konse anandiperekeza ku zoterozo. Anyamatawo ndi aluso, sindikuwanyoza, koma munthu wolakalaka chambo sumupatsa bonya n'kumuuza kuti zonse ndi nsomba.

Tsiku lina la msika ndinapita kukamatitsa chubu kwa a Saidi, okonza njinga pa Golomoti. Iwo akukhoma limu, ndinayesanso mwayi, koma ulendo uno mosamala.

"A Saidi, kodi kuno kulibe munthu amene ali ndi jazi? Sindikunena za anyamata zija ayi. Ndikunena lenileni, lakale, monga la ku Joni."

A Saidi anaika hamala pansi.

"La ku Joni? Wallahi, bwanji osanena kale? A Ngozo a ku Mtakataka! Dera lonse lino likudziwa. Anabwera nalo kuchokera kumigodi, amalisunga m'bokosi lachitsulo. Munthu sakhudza."

Mtima wanga unadumpha. Mbale za galamafoni zodzaza bokosi, za ku Joni kwenikweni!

"Mwayi wanu," anapitiriza a Saidi, "si awo akugula fodya apowo?"

Chubu ndinachisiya pomwepo. A Ngozo anali mdala wamtali, wowongoka ngati mlongoti, wa chipewa chachikale. Mano akutsogolo analibe, moti mawu awo ankatuluka ndi kamphepo. Ndinawapatsa moni ndi manja awiri, n'kudzitchula kuti ndine Mbewe, mkamwini wa kwa aBanda.

"Bambo, ndamva kuti muli ndi jazi la ku Joni."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ndili nalo. Mwabwera kudzandiseka nanunso?"

"Kukusekani? Bambo, ine n'chimene ndimakonda pa moyo wanga wonse!"

"Hawu!" Anandikokera pamthunzi. "Langa ndi original, aMbewe. Osati izi amaunjika pamsika masiku anozi."

"Zoona! Zamakonozi n'zopepuka, zopanda thupi."

"Mwatero! Langa ndi lolemera. Munthu wamba sangalipirire."

"Ndi lakuda?" ndinafunsa monong'ona, poti ife odziwa timadziwa kumene jazi linachokera.

"Lakuda bii!"

"Nanga brass ilimo?"

"Mizere iwiri, kuyambira pamwamba mpaka pansi. Yowala!"

Mizere iwiri ya brass! M'mutu mwanga ndinaona gulu lonse la malipenga, ena atakhala kutsogolo, ena ataima kumbuyo.

"Anthu amati latalikitsa," anatero a Ngozo mwachisoni.

"Akazi anganso amatero! Sadziwa kuti kukoma kwake ndi komweko."

"Ukalowa m'kati mwake, aMbewe, za panja zonse umaiwala."

"Limafika mpaka m'mafupa, bambo. Chonde, ndiloleni ndidzalimveko. Ngakhale kamphindi kokha."

"Kulimva? Inuyo? Mwezi uno wa Okutobala?"

"Bambo, jazi lilibe nyengo."

Mdala uja anandigwira dzanja, maso ake atadzaza misozi.

"Mawu amenewo ndimawauza ana anga chaka ndi chaka. Amati ndapenga. Bwerani Lamulungu, tikaweruka kutchalitchi. Mudzalimva mpaka mudzakhuta."

Ndinafika kunyumba ndikuimba mluzu koyamba chichokereni ku Blantyre. Ndinauza NaBanda kuti wamisala wachiwiri wapezeka, ndipo ndi mkulu wolemekezeka wa dera lake lomwe. Ndinamuuza kuti Lamulungu avale chitenje chabwino, tikupita limodzi akadzionere yekha.

Lamulungu ndinatulutsa suti yanga yomaliza, ya ubweya, imene ndinkavala kukachipinda kaja. Ndinamanga tayi. M'thumba ndinaikamo mabatire atsopano, mwina galamafoni ya mdalayo ndi ya mabatire. Tinakwera minibasi, ine ndikugunda zala pabondo njira yonse.

Ku Mtakataka dzuwa linali likuswa mtengo. Mchenga unkawotcha kudutsa m'nsapato. Titakhota pa nyumba ya a Ngozo, ndinadabwa kuona khamu: ana awo, azipongozi awo, akuluakulu a mpingo, amayi atakhala pamphasa pansi pa mtengo wa mango. Ndinamugunda NaBanda ndi chigongono.

"Waona? Unkati ndine ndekha!"

A Ngozo anatilandira ngati alendo a boma. Atatipatsa mipando, anaimirira pakati pa bwalo.

"Abale, mwakhala mukundiseka zaka zonsezi. Lero kwabwera munthu wophunzira, wa ku Blantyre, woti zinthu zimenezi amazidziwa. AMbewe, tisanalitulutse, tawauzeni anthu awa."

Ine kupatsidwa bwalo kuti ndikambe za jazi! Ndinaimirira, n'kukonza tayi.

"Amayi ndi abambo, chimene a Ngozo akusunga m'nyumba umu ndi chuma. Ine ku Blantyre sabata sinkatha osalowa m'jazi. Lamulungu lililonse masana, ngati pano."

"Masana?" anafunsa mayi wina pamphasa. "Dzuwa lili pamutu?"

"Masana enieni! Tinkatsekera zitseko ndi mawindo omwe kuti limveke bwino. Thukuta kamukamu, koma palibe wofuna kutuluka."

Anthu anayang'anana.

"Munalipo angati?" anafunsa mkulu wina wa mpingo.

"Chipinda chodzaza! A kubanki, anamwino, ngakhale ochokera kunja."

"Aliyense ndi lake?"

"Ayi, limodzi lomwelo tonse! Kukoma kwake ndi kumeneko."

"Amuna ndi akazi?"

"Amuna ndi akazi! Wina akamaliza mbali yake, timamuombera m'manja, wina n'kulowa. Tonse titatsinzina, mitu ikugwedera. Ena mpaka kulira misozi!"

Mkulu wa mpingo uja anadzilemba chizindikiro cha mtanda. Mayi wina anati, "Kutauni kuli zinthu, anthuni." Ine ndinkaona ngati mawu anga awafika pamtima. Nditayang'ana kwa NaBanda ndinaona kuti waphimba kukamwa ndi chitenje, mapewa akugwedezeka. Ndinati mumtima, ehe, nayenso zamukhudza.

"Ndipo ndikuuzeni," ndinamaliza mokweza, "chichokereni ku Blantyre ine sindigona bwino chifukwa chosowa jazi. Usiku ndimachita kunjenjemera. Lero a Ngozo andipulumutsa!"

A Ngozo anapukuta maso ndi chipewa, n'kukodola ana awo aamuna awiri. Analowa m'nyumba, natuluka atanyamula bokosi lachitsulo, lobiriwira, la loko wamkulu. Ndinayang'ana kukhomo kudikira galamafoni. Sinatuluke. Ndinati mwina ili m'bokosi momwemo.

Loko anatseguka. Kunatuluka fungo la timibulu toyera tothamangitsira njenjete, loti mpaka nkhuku zinasuntha. Pamwamba panali chinsalu chakuda, chokhuthala. Ndinasilira mdalayo: waona kusamala mbale kwake, mpaka kuzifunditsa bulangete!

A Ngozo anagwira chinsalu chija ndi manja awiri, n'kuyamba kuchikweza. Chinkangotuluka, chinkangotuluka. Chinatuluka ndi kolala. Chinatuluka ndi mikono. Kenako dzuwa linawala pa mabatani achikasu, akuluakulu, mizere iwiri, kuyambira pamwamba mpaka pansi.

Jasi. Chijasi chachikulu cha alonda a kumigodi, chofika m'akakolo.

Ndinasuzumira m'bokosi muja. Munali nyuzipepala yoyala pansi ndi timibulu tija basi.

Abale, pali nthawi imene munthu umapempha nthaka kuti ing'ambike, koma nthaka ya ku Mtakataka mu Okutobala ndi youma gwaa. Mawu onse amene tinalankhula anayamba kubwerera m'mutu mwanga limodzilimodzi. Lolemera. Lakuda. Tonse limodzi lomwelo, amuna ndi akazi. NaBanda tsopano anali atagwada kuseri kwa mpando, akumenya pansi ndi chikhatho, mawu osatuluka.

Ndikanatha kunena pomwepo kuti pepani, sitinamvane. Ndinatsegula pakamwa ndithu. Koma ndinaona nkhope ya a Ngozo. Mdala uja anali atanyamula jasi lake ngati mwana wakhanda, akuyang'ana ana ake mmodzimmodzi, monga akuti, mwaona? Nayenso anali atadikira zaka zambiri kuti apeze munthu mmodzi womumvetsa. Nkhope imeneyo ndinkaidziwa, ndinkaiona pagalasi m'mawa uliwonse.

Walira mvula walira matope. Ndinatambasula manja.

Anandiveka pamwamba pa suti. Kulemera kwake ngati ndasenza thumba la mpunga wonyowa. A Ngozo anamanga okha mabatani onse, mpaka la pakhosi, n'kuimika kolala kuti itseke makutu.

"Mukulimva?"

"Ndikulimva, bambo."

"Lafika m'mafupa?"

"Ladutsa."

"Musaime pamthunzi, brass siioneka bwino. Tiyeni apo!"

Anandikokera pakati pa bwalo, padzuwa penipeni. Thukuta linayamba m'mutu, n'kutsika ndi msana, n'kukasonkhana m'nsapato. Tayi inasanduka chingwe chomangira mbuzi.

"Tationetseni mmene mumachitira ku Blantyre!" anafuula mayi wa pamphasa uja.

"Eya, atsinzine!"

Ndinatsinzina.

"Mutu! Anati mutu umagwedera!"

Ndinagwedeza mutu. Anthu anayamba kuomba m'manja, monga ndinawaphunzitsira ndekha. Wina anaimba nthungululu. Ine Mbewe, kalaliki wakale, munthu amene ndinakhalapo tebulo loyandikana ndi akuluakulu a kubanki, ndinaima pa Mtakataka dzuwa lili paliwombo, m'chijasi cha mlonda, nditatsinzina, ndikugwedeza mutu popanda nyimbo ngakhale imodzi. Misozi inatuluka, yeniyeni, yachisoni.

"Taonani, akulira!" anatero mkulu wa mpingo. "Ananena zoona!"

"Mwakhuta, aMbewe?" anafunsa a Ngozo.

Ndinafuna kuyankha kuti ndakhuta, koma lilime linali litamatirira. M'makutu munayamba kulira kanthu kopyapyala, kotalika, ndipo ndikukumbukira kuti ndinaganiza: ha, saxophone ija yabwera. Kenako mtengo wa mango unapendekeka, bwalo lonse linazungulira, ine phuu!

Zotsatirazi anandiuza ndi NaBanda, ndipo amazifotokoza paukwati uliwonse. Akuti mayi wina anathamanga ndi ndowa ya madzi kuti andithire. A Ngozo anadumphira kutsogolo atatambasula manja.

"Imani! Osanyowetsa jasi!"

Akuti anandimasula mabatani onse mosapupuluma, anandigubuduza mbali iyi ndi iyo, anakung'untha fumbi, analipinda bwinobwino, analiika m'bokosi, anatseka loko. Atatero ndiye anati, "Tsopano muthireni."

Ndinatsitsimuka ndili gone pamphasa pansi pa mango, suti ili yonyowa, amayi awiri akundikupiza ndi malichero. Khamu linali litachepa, ambiri atathamanga kukafalitsa uthenga. NaBanda anandiweramira, maso ali psuu ndi kuseka.

"Ndavomera, abambo a Tiya," ananong'ona. "Mulipodi awiri."

A Ngozo anakhala pambali panga, akusisita bokosi lawo, nkhope ili ngwee.

"Musachite manyazi, aMbewe. Ndinakuuzani kuti munthu wamba sangalipirire. Koma inu mwayesetsa. Kuyambira lero ndinu mbale wanga."

Kamtima kena kanali kasanafe mwa ine. Munthu amene anakhala ku Joni zaka zonsezo, zoona sanamvepo kanthu?

"Bambo," ndinatero ndi mawu otsalira, "ndifunseko zina. Ku Joni kuja, simunamveko nyimbo zina za malipenga? Zopanda mawu, zazitali, woimba aliyense amaimba mbali yake payekha?"

"Hawu, zija amaimba m'mashabini? Zija za saxophone?"

Ndinadzuka n'kukhala tsonga.

"Zomwezo, bambo! Mukuzidziwa?"

"Kuzidziwa? Mnzanga wina wa ku Transkei atamwalira anandisiyira mbale zake zonse, pamodzi ndi galamafoni yake. Zinkadzaza bokosi lomweli mpaka chivindikiro osatsekeka."

Dziko linaima. Ndinawagwira bondo ndi manja onse awiri.

"Zili kuti, bambo? Zili kuti?"

"Aaa, phokoso lokhalokha lija? Tsiku lobwerera kumudzi ndinapeza chitsiru china pasiteshoni, ndinasinthana nacho." Anamenya bokosi lija monyadira. "Ndi jasi limeneli!"

Amayi aja anayambiranso kundikupiza.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ine ndinafunsa ndithu, chimene ndinaiwala ndi kufunsa sipelo.